ULENDO WA MCERE: MIYEZI ITATU PA NJIRA KUFUNA CIMANGA KU BOLIVIA

Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi akafuna cimanga amangozungulira kuseri kwa nyumba nkutapa m'nkhokwe. Koma kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, kumwera cakumadzulo kwa dziko la Bolivia mu South America, kuli anthu amene kwa zaka mazana ambiri nkhokwe yao inali pa mtunda wa milungu itatu kapena inai ya ulendo wa pansi. Kwao cimanga sicimera. Cimene dziko lao liri naco coculuka ndi mcere. Cotero caka ndi caka banja linkasenzetsa ziweto zake mcere, nkudutsa nazo m'cipululu ca pamwamba pa mapiri, kutsikira ku zigwa zofunda kukasinthanitsa mcerewo ndi cimanga. Kupita ndi kubwera kunkatha miyezi iwiri, nthawi zina itatu.

Malo amene mcerewu umacokera amachedwa Salar de Uyuni, ndipo ali m'cigawo ca Potosí. Ndi cidikha coyera mbee, cacikulu kuposa masikweya kilomita 10,000, kotero kuti Nyanja ya Kariba ingalowemo pafupifupi kawiri. Palibe cidikha cina ca mcere cacikulu cotere pa dziko lonse lapansi. Zaka zikwi zambiri zapitazo pamalopa panali nyanja imene inalibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Dzuwa ndi mphepo zinaiumitsa, mcere nkutsala monga umatsalira m'mphika madzi akaphwa. M'malo ambiri mcerewo ndi wocindikala mamita angapo, wolimba mwakuti lole yodzaza katundu imayendapo osatitimira. Anthu a ku Kaputa ndi a ku Chibwa m'boma la Mpika, amene amaphika madzi a mcere kwa maola ambiri kuti apeze kamtanda kamodzi, angadabwe kumva kuti ku Uyuni mcere amaudula ndi nkhwangwa.

Eni dzikolo, amene amalankhula zinenero za Quechua ndi Aymara, ali ndi nthano yao ya ciyambi ca malowa. Kumpoto kwa cidikhaci kuli phiri lalitali lochedwa Tunupa. Iwo amati Tunupa anali mkazi amene mwamuna wake anamthawa ali ndi khanda, ndipo misozi yake itasakanikirana ndi mkaka wa m'mawere mwake, dziko lonselo linayera.

CIFUKWA CAKE CIMANGA SICIMERA

Nyengo za kumeneko zimayendera limodzi ndi za kuno. Mvula imagwa kuyambira December kufikira March, ndipo June ndi July ndiyo miyezi ya cisanu. Kusiyana kuli pa kutalika kwa dziko. Cidikhaci ciri pa mamita 3,656 pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280, ndipo mapiri a Mafinga, amene ndiwo atali koposa m'Zambia, safika pa mamita 2,400. Pamalo okwera cotere usiku wa m'mwezi wa June madzi a m'ndowa amauma gwa ngati mwala, ndipo kuzizira kumatsika madigiri 10 kapena 15 pansi pa ziro. Mvula nayo ndi yocepa. Tauni ya Uyuni silandira ndi mamilimita 200 omwe pa caka, pamene Chipata imalandira pafupifupi 1,000.

Mbeu zimene zimapirira kumeneko nziwerengeka. Pali mbatatesi, ndiponso kambeu kena kochedwa quinoa, kamene maso ake ndi ang'onoang'ono ngati a mawere ndipo masamba ake amafanana ndi a bonongwe. Koma cuma ceniceni ca banja ndi ciweto cochedwa llama. Ndi nyama ya mtundu wa ngamila, koma yaing'ono ndiponso yopanda linunda, yokhala ndi khosi lalitali ndi ubweya wambiri. Imapatsa mwini wake nyama, ubweya wolukira zobvala, matumba ndi zingwe, cikopa ca nsapato, ndi ndowe zosonkhera moto. Imasenzanso katundu, ndipo pa nchito imeneyi ndi pamene ulendo wonse wa mcere unatsamira.

Llama si bulu. Munthu saikwera, ndiponso siikoka ngolo. Imanyamula makilogalamu 25 kufikira 30 basi. Wina akaonjezera, imangokhala pansi nkukana kudzuka, ndipo akaikakamiza imamlabvulira malobvu kumaso. Oweta amaidziwa bwino khalidwe lake, sataya nthawi kulimbana nayo.

KUKONZEKA

Ulendo unkayamba cisanu citalowa, m'miyezi ya May ndi June. Apa nkuti madzi a mvula atauma pa cidikha, mitsinje ya m'njira itaphwa, ndipo alimi a ku zigwa atakolola. Koma kukonzeka kunkayamba kale kwambiri, ndipo panalibe munthu m'banja amene ankakhala manja lende.

Amai ndi ana akazi ankapota ubweya ndi kuluka matumba olimba odzanyamuliramo cimanga. Abambo ankapota zingwe, pakuti ciweto ciriconse cinkafuna cingwe cakecake. Ankapha llama imodzi kapena ziwiri, nyama yake nkuilenga mopyapyala, kuithira mcere ndi kuiyanika pa mphepo mpaka itauma. Nyama yotere amaicha charki. Mbatatesi ankaziyala pabwalo usiku kuti cisanu ciziumitse, m'mawa nkuziponda ndi mapazi kuti madzi atuluke, kenaka nkuziyanika padzuwa. Zikatero zimasanduka timiyala takuda tochedwa chuño, timene timasungika zaka zingapo osaola. Uyu ndiye anali kamba wa paulendo, pamodzi ndi ufa wokazinga.

Mcerewo mabanja ena ankakadula okha, ena ankautenga kwa anthu a m'mudzi wa Colchani, umene uli m'mphepete mwa cidikha ca kum'mawa, pafupifupi makilomita 20 kucokera ku Uyuni. Ankaudula m'mitanda yonga njerwa zazikulu, nkukulunga mtanda uliwonse m'udzu kuti usatupule msana wa ciweto. Llama imodzi inkasenza mitanda iwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo.

Zopita paulendo zinali zamphongo zofulidwa zokhazokha. Zazikazi ndi ana ake zinkatsala kumudzi m'manja mwa amai, agogo ndi ana ang'onoang'ono. Kawirikawiri opita anali bambo ndi mwana wake wamwamuna, kapena ndi m'bale wake, ngakhale kuti nthawi zina mai nayenso ankatsagana nao. Anthu awiri kapena atatu ankatha kuyendetsa ziweto makumi angapo. Tsiku lonyamuka ziwetozo ankazimanga ulusi wofiira ndi wa mawanga ena m'makutu, zotsogolera nkuzibveka mabelu m'khosi, ndipo banja linkathira nsembe kwa Pachamama, amene iwo amamuyesa mai wa nthaka, kupempha kuti anthu ndi ziweto akabwere amoyo.

Masamu ake ndi osabvuta. Llama 40, iriyonse itasenza makilogalamu 25, zimanyamula tani imodzi, ndiko kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Pobwerera sizingasenze zoposa pamenepo. Cimanga cimeneco ndico banja linkayembekezera kufikira caka cinzake, ndipo ciweto ciriconse cofera m'njira cinali theka la thumba losafika kumudzi.

PA NJIRA

Mabanja okhala kutsidya kwa cidikha ankayamba ndi kuoloka mcere weniweniwo. Pamenepo palibe mtengo, palibe udzu, palibe madzi akumwa ngakhale dontho. Pansi pamakhala posalala ndi pong'ambika timizere tofanana ndi zisa za njuci, kufikira kumene maso alekezera. Dzuwa likakwera, kuwala kocokera pansi kumabaya m'maso kotero kuti munthu wosadziteteza amatha kukhala masiku angapo osaona bwino. Ncifukwa cake odula mcere masiku ano amabvala magalasi akuda ndi kuphimba nkhope yonse ndi nsalu. Mapiri akutali amaoneka ngati akulendewera m'mwamba, ndipo phiri looneka pafupi likhoza kukhala pa ulendo wa masiku awiri. Wotsogolera ankayenda ndi mapiriwo m'mutu, kudziwa kuti Tunupa akhale kumbuyo kapena ku dzanja liti. Ankadziwanso malo oyenera kupewa: maenje amene madzi a pansi amatulukira, ndi m'mphepete mwa cidikha m'mene mcere uli wopyapyala ndipo pansi pake pali thope lakuya.

Atatuluka pa mcere, ulendo waukulu unkalunjika kum'mawa. Kucokera ku Uyuni kufika ku zigwa za Tarija ndi makilomita pafupifupi 250 kwa mbalame youluka, koma wapansi ayenera kukwera ndi kutsika mapiri ambiri, kudutsa pa mipata yoposa mamita 4,000.

Tsiku linkayamba kusanace. Ziweto ankazisonkhanitsa pamodzi nkuzizinga ndi cingwe, kenaka nkuyamba kuzisenzetsa imodzi imodzi ndi zala zouma ndi cisanu. Akamanga mothina ciweto cimabvulala, akamanga molekerera katundu amapendekeka nkugwa pa mtsetse. Nchito yokhayi inkatha ola lathunthu kapena kuposerapo. Kenaka ankayenda, zamabelu patsogolo, anthu pambuyo ali ndi gulaye woponyera timiyala pafupi ndi ciweto cofuna kupatuka. Pa tsiku ankayenda makilomita 15 kapena 20 okha, ndipo dzuwa likangopendeka ankaima. Mlendo angaone ngati ndi ulesi, koma cifukwa cake ncomveka. Palibe amene ankanyamulira llama cakudya. Inayenera kudzidyera yokha udzu wa m'njira kusanade, ndipo yosadya mokwanira lero singasenze mawa. Pakapita masiku angapo ankapumula tsiku lathunthu pa dambo la msipu wabwino.

Malo ogona anali odziwika kuyambira kwa makolo: pamene pali kasupe, msipu, ndi kampanda ka miyala kochinga mphepo. Mitanda ya mcere ankaisanja ngati khoma nkugona kuseri kwake, pa zikopa, atafunda mabulangete a ubweya. Moto ankasonkhera tizitsamba ta m'cipululu ndi ndowe zouma. Kuphika nako kuli ndi bvuto lake, pakuti pamalo okwera cotere madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 87 m'malo mwa 100, ndipo cakudya cimacedwa kupsa pamene nkhuni ziri zosowa. Usiku tulo tinali ta khutu limodzi. M'mapiri amenewo muli nkhandwe, muli ndi cirombo conga nyalugwe cochedwa puma, ndipo ziweto zikadzidzimuka zimamwazika, m'mawa wonse nkuthera kuzifunafuna.

Pa mpata uliwonse wa phiri pali mulu wa miyala wochedwa apacheta. Aliyense wodutsa amaonjezerapo mwala wake ndi kusiyapo masamba a coca, amene anthu a kumeneko amatafuna kuti acepetse njala ndi kutopa. Miyulu ina ndi yaitali kuposa munthu, umboni wa mibadwo imene inadutsa pamenepo.

Kwa mnyamata wopita koyamba, ulendowu unali sukulu. Ankaphunzira maina a mapiri ndi akasupe, kamangidwe ka mfundo, kazindikiridwe ka ciweto coyamba kutsimphina, ndiponso nkhope za anthu amene adzacite nao malonda bambo wake atakalamba. Zonsezi sizinalembedwe m'buku liri lonse. Zinkasungika cifukwa cakuti caka ciriconse panali mwana woyenda pambuyo pa atate wake.

KU ZIGWA

Ku Tarija, pa mamita osafika 2,000, dziko ndi lina. Kuli mitsinje, mitengo ya zipatso, ng'ombe ndi minda ya cimanga. Anthu a kumeneko ankaufuna mcere monga mmene alendowo ankafunira cimanga: wothira m'ndiwo, woumikira nyama, ndiponso wonyambita ng'ombe zao.

Malondawa sanali a pamsika ai. Banja lirilonse la kumapiri linali ndi mabwenzi ake odziwika, nyumba zimene atate ndi agogo ao ankafikirako, ndipo ena ankafika polimbitsa ubwenziwo mwa kuimirirana pa ubatizo wa ana. Mlendo ankalandiridwa, kupatsidwa cakudya ndi malo odyetsera ziweto, nkhani za malonda nkubwera pambuyo. Kupatula mcere ankabweretsanso charki, zingwe, nsalu zoluka ndi mankhwala a zitsamba za kumapiri. Ankatenga cimanga, tirigu, zipatso zouma ndi mitengo yopangira zipangizo, imene kwao kulibe. Ndalama sizinkaoneka kwenikweni. Ubwino wa dongosolo lotere unali wakuti munthu amene akuyembekeza kudzaonana nawe caka camawa sakubera muyeso, ndipo caka ca njala sakubweza cimanjamanja.

Sankakhalitsa, pakuti llama siimva bwino m'dziko lotentha. Akadzaza matumba ankayamba kukwera kubwerera, ziweto zitaonda, zina zitabvulala mapazi ndi miyala. Ankafika kumudzi m'mwezi wa August kapena September. Otsala kumudzi analibe njira yomvera nkhani. Ankangochera khutu kuyembekezera kulira kwa mabelu.

MMENE ULENDOWU UNAZIRALIRA

Njira za mcere nzakale kuposa kubwera kwa Azungu. Anthu a ku Spain atayamba kukumba siliva pa phiri la Potosí m'caka ca 1545, nchito ya ziwetozi inakula, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1570 pamene anayamba kuyenga siliva ndi mekyule, njira imene inkafuna mcere wambiri. Njanji yocokera ku doko la Antofagasta itafika ku Uyuni kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, katundu wa migodi anasamukira pa sitima, koma ulendo wa mabanja wokafuna cimanga unapitirirabe kwa zaka zina pafupifupi 100.

Cimene cinaugonjetsa ndi lole. Miseu itafika ku zigwa, lole imodzi ya matani 10 inkatenga katundu wa magulu khumi a ziweto, ndi kuyenda masiku awiri mtunda umene llama zinkayenda mwezi. Mcere wa m'mapaketi, wothiridwa ayodini woteteza ku cithokomiro, unadzaza m'masitolo. Alimi a ku zigwa anayamba kufuna ndalama m'malo mwa mitanda. Cirala coopsa ca 1983 cinapha ziweto zambiri m'mapiri, ndipo anthu oculuka anasamukira ku matauni, ena ku Argentina ndi ku Chile. Ana nao analowa sukulu, imene siingalole mwana kujomba miyezi itatu. Palibe kholo lingadandaule kuti mwana wake waphunzira kapena kuti cimanga cafika pa galimoto, komabe mlimi wa ku zigwa amene kale anali bwenzi tsopano ndi wogulitsa cabe, ndipo wopanda ndalama alibe cake. Pamene kanema wochedwa El regalo de la Pachamama, wosimba za mnyamata woyenda ndi atate wake pa ulendo wa mcere, anatuluka m'caka ca 2008, mabanja oyendabe ulendowu anali atatsala owerengeka.

M'malo mwake kunabwera zina. Maiko olemera atayamba kukonda quinoa, mtengo wake unakwera pafupifupi katatu pakati pa 2006 ndi 2013. Anthu anagula mathirakitala nkugalauza malo amene kale anali odyetsera ziweto. Mtengowo unagwa patangopita zaka zocepa, nkusiya minda imene dothi lake limauluka ndi mphepo. Walira mvula walira matope.

Kunabweranso nkhani ya lithium, mtapo wopangira mabatire a mafoni ndi a magalimoto oyendera magetsi. Umapezeka m'madzi a mcere amene ali pansi pa cidikha, ndipo akatswiri amayerekeza kuti Bolivia ali ndi matani oposa 20 miliyoni. Boma linakhazikitsa kampani yake, Yacimientos de Litio Bolivianos, m'caka ca 2017, ndipo fakitale ya ku Llipi, kumwera kwa cidikha, inatsegulidwa mu December 2023. M'caka ca 2024 linasaina mapangano ndi makampani a ku Russia ndi ku China, koma mu 2025 midzi ya m'dera la Nor Lípez inakadandaula ku khoti. Nkhawa yao ndi madzi. Nchito ya lithium imafuna madzi abwino ambiri, ndipo m'dziko la mvula yocepa cotere, madzi opopedwa pansi ndi omwewo amene amasunga akasupe ndi madambo odyetsera llama.

MABANJA A MASIKU ANO

Cidikha ca Uyuni sicinasowe apaulendo. Tsopano odutsapo ndi alendo odzaona malo, ena ali ndi ana ao, ndipo ambiri mwa owayendetsa, owaphikira ndi owapatsa malo ogona ndi anthu a m'midzi yomweyo yozungulira mcere. Ulendo wodziwika umatenga masiku atatu, kucokera ku Uyuni kulowera kumwera cakumadzulo mpaka m'malire a Chile. Galimoto yake kawirikawiri ndi Toyota Land Cruiser yonyamula anthu asanu ndi mmodzi ndi dalaivala, padenga pali zigubu za petulo, madzi, cakudya ndi matayala apadera, pakuti m'njira mulibe pogula mafuta.

Tsiku loyamba banja limaona mitu ya sitima zakale zimene zinatayidwa kunja kwa tauni ya Uyuni migodi itafooka, nkudzera ku Colchani kumene mcere amauumitsa pamoto, kuugaya ndi kuuthira ayodini. Pakati pa cidikha limaima pa cilumba ca miyala cochedwa Incahuasi, comera mitengo yaminga yopanda masamba, ina yotalika mamita pafupifupi 10, ngakhale kuti imakula sentimita imodzi yokha pa caka. Usiku limagona m'nyumba zomangidwa ndi njerwa za mcere. M'nyengo ya mvula madzi osafika m'mawondo amaphimba cidikha, mitambo nkumaonekera pansi ngati pa galasi, kotero kuti munthu sadziwa pamene dziko lathera ndi pamene thambo layambira. Nthawi imeneyo madalaivala anzeru sapita kutali, pakuti madzi a mcere amaononga injini ndi mawaya.

Pamalo osalala cotere munthu angaganize kuti ngozi kulibe. Koma mu May 2008 magalimoto awiri a alendo anaombana pakati pa cidikha, petulo wa padenga nkuyaka, ndipo anthu 13 anafa. Amene amayenda okha popanda munthu wodziwa malo nao amatitimira m'thope la m'mphepete, kutali ndi thandizo. Safunsa anadya phula.

Tsiku laciwiri galimoto imasiya mcere nkukwera m'cipululu ca Siloli, ca mcenga wofiira ndi miyala yosemedwa ndi mphepo, pa mamita oposa 4,500. Mseu kulibe; pali mikwaso ya matayala yokha yomwazikana mbali zonse. M'miyala mumamera cinthu cobiriwira conga mtsamiro, colimba gwa, cochedwa yareta, cimene cimakula pang'onopang'ono kotero kuti cina cimakhala ndi zaka zoposa 1,000. Kumaoneka vicuña, m'bale wakuthengo wa llama, wa ubweya wofewa ndi wodula kwambiri. Madzulo banja limafika pa Laguna Colorada, nyanja yosaya ya madzi ofiira ngati magazi cifukwa ca tindere tating'ono tokhala m'menemo. Tinderet ndito cakudya ca mbalame za miyendo yaitali zochedwa flamingo, zimene zimasonkhana pamenepo zikwizikwi. Mtundu umodzi wa mbalamezi unkayesedwa kuti unatha pa dziko, kufikira unapezekanso pa nyanja yomweyi m'zaka za m'ma 1950.

Pano ndi pamene makolo ayenera kukhala maso. Nyanjayi iri pa mamita pafupifupi 4,300, ndipo m'mawa mwake njira imakwera kufika pafupi ndi mamita 4,900 pa Sol de Mañana, pamene nthunzi ndi thope lowira zimatuluka pansi. Pamenepo mpweya umene munthu amakoka umangoposa pang'ono theka la umene angakoke m'mbali mwa nyanja yaikulu. Wosazolowera amamva mutu, nseru, cizungulire ndi kusowa tulo. Wamkulu amanena cimene akumva, koma mwana wamng'ono amangolira, kukana cakudya kapena kufooka, ndipo kholo lingaganize kuti ndi kutopa cabe. Madokotala amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000 asagone pamalo okwera kuposa mamita 500 pamwamba pa pamene anagona dzulo lake, ndi kuti wodwala akayamba kupuma mobvutika ali cikhalire kapena kuyenda dzandidzandi, atsitsidwe msanga ngakhale pakati pa usiku. Cipatala ciri pa mtunda wa maola ambiri. Banja loyambira ulendowu ku Chile ndilo limabvutika koposa, pakuti limakwera mamita pafupifupi 2,000 pa tsiku loyamba lomwe.

Dera lonseli ndi malo osungira nyama amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1973, ndipo anachedwa dzina la Eduardo Avaroa, amene anafa pa 23 March 1879 akuteteza tauni ya Calama pa nkhondo ya Bolivia ndi Chile. Pa nkhondo imeneyo Bolivia analandidwa gombe lake lonse, lotalika makilomita pafupifupi 400, pamodzi ndi dziko limene pambuyo pake panakumbidwa mgodi waukulu wa mkuwa wa Chuquicamata. Kuyambira pamenepo Bolivia, monga Zambia, alibe doko lakelake. Monga mkuwa wa kuno umadzera ku Dar es Salaam ndi madoko ena a anansi, katundu wambiri wa Bolivia amadzera ku Arica ndi Antofagasta m'dziko la Chile. Mu 2018 khoti la maiko onse la ku The Hague linagamula kuti Chile sali wokakamizidwa kukambirana zompatsa njira ya kunyanja.

Malo omaliza ndi Laguna Verde, nyanja yobiriwira imene iri m'tsinde mwa phiri la Licancabur, lotalika mamita oposa 5,900. Madzi ake ndi okongola koma ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo samwedwa. Pafupi pomwepo pali kanyumba ka malire ka Hito Cajón, pamene dalaivala wa ku Bolivia amatsitsa alendo ake nkutembenuka kubwerera ku Uyuni, ulendo wa tsiku lonse. Banja limakwera basi ya ku Chile, imene imatsika mamita 2,000 pa mtunda wosakwana makilomita 50. Makutu amatseka, mutu umapepuka, ana amayamba kubvula majuzi. Pansi pa mtsetsewo pali San Pedro de Atacama, mudzi wobiriwira pakati pa cipululu cimene ciri m'gulu la zouma koposa pa dziko lapansi. Anthu ake amathirira minda ndi madzi a timitsinje tiwiri tocokera m'mapiri, ndipo amalima cimanga. Kumenekonso mabanja ena a ku Lípez ankafikako ndi llama zao.